Musanagule botolo la mphatso, dziwani tanthauzo la "single grain"

Chaka chikamapita kumapeto, mabasi ochokera ku Johannesburg amalowa pa chipata cha Mwanza ndi cha Dedza atalemedwa ndi katundu, ndipo m'zikwama zambiri simulephera kupezeka botolo lokulungidwa m'bulangete. Lina likupita kwa apongozi, lina kwa ankhoswe amene akhala akuyanjanitsa banja chaka chonse, lina kwa malume amene adalipira fizi. M'tauni namo masitolo akuluakulu amandandalika mabotolo a wisiki kutsogolo, ndipo munthu amaima pamenepo nthawi yaitali, kugwira ili, kulibweza, kugwira lija, mapeto ake n'kunyamula limene bokosi lake likuwala kuposa ena. Ndalama zimene zimapita pa botolo limodzi lotere si zamasewera. Kwa mphunzitsi ngati ine, ndi gawo looneka la malipiro a mwezi. N'chifukwa chake sabata ino ndati tikambirane za mtundu umodzi wa wisiki umene ambiri amaulambalala chifukwa chosaumvetsa, pomwe nthawi zambiri ndi umene ungayenere mphatso ya munthu wa kuno kwathu. Pabotolo pake amalembapo mawu awiri: single grain.

Ndiyambe ndachenjeza, poti nyuzipepala ino imafika m'manja ambiri, ngakhale a ophunzira anga. Nkhaniyi ndi ya akuluakulu opitirira zaka 18. Ndimaphunzitsa kumudzi, ndipo ndaona ndi maso anga ana anzeru amene adasiyira sukulu panjira chifukwa cha masacheti, boma lisanawaletse. Amene simumwa musayambe chifukwa cha ine. Koma ngakhale osamwa amagulira ena mphatso, ndipo ndalama zawo nazo n'zofunika kuti zipite poyenera.

Tiyambe ndi mawuwo, chifukwa ndi pamene pagona chisokonezo. Munthu wodziwa Chingerezi akaona kuti single grain amaganiza kuti wisikiyo adapangidwa ndi mbewu ya mtundu umodzi. Sichoncho. Malamulo a wisiki wa ku Scotland, amene adakhazikitsidwa mu 2009, amagawa wisiki m'magulu asanu: single malt, single grain, blended malt, blended grain ndi blended Scotch. M'maina onsewa, liwu loti single silikunena za mbewu ayi, likunena za fakitale. Likutanthauza kuti zonse zimene zili m'botolomo zidatchezedwa pa fakitale imodzi. Liwu loti blended likutanthauza kuti adasakaniza wisiki wochokera m'mafakitale angapo. Tayerekezani ufa: mutha kukhala ndi thumba limene ufa wake wonse udatuluka pa chigayo chimodzi, koma m'kati mwake muli chimanga ndi makaka pang'ono. Ndi wa chigayo chimodzi, koma si wa mbewu imodzi. Ndi mmenenso alili single grain.

Nanga malt ndi grain zikusiyana pati? Malt ndi chimera basi, chimera cha barele. Aliyense amene adaonapo agogo akunyika mawere, kuwafunditsa mpaka atamera, kenako kuwayanika ndi kuwasinja kuti aphikire thobwa, akudziwa kale ntchito ya chimera: chimasandutsa ufa wa m'mbewu kukhala shuga, ndipo shugayo ndi amene amasasa n'kukhala mowa. Single malt amapangidwa ndi chimera cha barele chokhachokha. Single grain amaloledwa kuthiramo mbewu zina zosameretsa, makamaka chimanga kapena tirigu, ndipo chimera cha barele chimangokhala chochepa choti chigwire ntchito yotulutsa shuga ija, monga mmene mayi amathirira chimera pang'ono m'phala lambiri. Kale mafakitale a ku Scotland ankadalira chimanga choitanitsa kunja, koma m'zaka za m'ma 1980 ambiri adasinthira ku tirigu.

Kusiyana kwachiwiri kuli pa katchezedwe, ndipo apa ndilankhula ngati mphunzitsi wa sayansi. Mowa umawira ukafika madigiri 78, madzi amawira akafika 100. Mukatenthetsa mowa wosasa, nthunzi imene imayamba kutuluka imakhala ndi mowa wambiri kuposa madzi, ndipo mukaiziziritsa mumapeza chakumwa chaukali. Amayi otcheza kachasu amagwiritsa ntchito nzeru yomweyi ndi mbiya, paipi ndi mwadiya wa madzi ozizira, ngakhale sadalowepo m'labotale. Single malt amatchezedwa m'njira yofanana ndi imeneyi: m'miphika ikuluikulu ya mkuwa, kuthira, kutcheza, kukhuthula, kutsuka, kuyambanso. Nthawi zambiri amatcheza kawiri, ndipo chotuluka chimakhala ndi ukali wa pafupifupi 70 peresenti. Chifukwa chakuti njirayi siyeretsa kwambiri, fungo la mbewu, la utsi ndi la mafuta a m'mbewumo limatsala lambiri.

Grain amatchezedwa m'chipangizo china. Ndi nsanja ziwiri zazitali zachitsulo, zimene m'kati mwake muli mbale zobowolabowola ngati sefa, zosanjikizana kuyambira pansi mpaka pamwamba. Mowa wosasa umalowera kumwamba n'kumatsika, nthunzi yotentha imalowera kunsi n'kumakwera, ndipo pa mbale iliyonse nthunziyo imatola mowa n'kusiya madzi. Chipangizochi sichiima: chimagwira ntchito usana ndi usiku, bola mukuthiramo. Amene adachikonza bwino n'kuchilembetsa m'dzina lake mu 1830 ndi Aeneas Coffey wa ku Ireland, munthu amene adagwira zaka zambiri ntchito yotolera msonkho wa mowa. Otcheza akuluakulu a kwawo adachikana, ati chimene chikutulukamo si wisiki weniweni. A ku Scotland adachilandira. Chotuluka m'nsanjazi chimafika pafupifupi 94 peresenti, ndipo lamulo limati chisafike 94.8, kuopa kuti chingasanduke mowa wopanda fungo lililonse. Kenako amathiramo madzi n'kuchitsekera m'migolo ya matabwa a mtengo wotchedwa oak.

Apa ndi pamene pagona khalidwe lonse la single grain. Poti amatuluka m'nsanja ali wopepuka, wopanda fungo lamphamvu, kukoma kwake kwambiri amakutenga ku mgolo. Lamulo la ku Scotland limati wisiki akhale mumgolo zaka zosachepera zitatu. Migolo yambiri imachokera ku America, chifukwa kumeneko lamulo limati wisiki wawo wotchedwa bourbon azisungidwa m'migolo yatsopano yowaula m'kati, ndiye akaigwiritsa ntchito kamodzi amaigulitsa kunja. Matabwa owaulawo amapatsa wisiki kafungo ka vanila, ka shuga wopsereza, ka uchi, nthawi zina ka kokonati. N'chifukwa chake single grain wabwino amakhala wofewa pakhosi ndi wozuna pang'ono. Single malt wina, makamaka wa pa chilumba cha Islay kumene chimera amachiumitsa ndi utsi wa dothi lakuda la m'madambo, amanunkhira ngati m'khitchini ya nkhuni zaziwisi. Ozolowera amamukonda kwambiri. Koma mkulu amene sadamulawepo atha kuganiza kuti mwamupatsa mankhwala a chifuwa.

Kunyozeka kwa grain kudayamba kale. Mu 1905 akuluakulu a dera la Islington ku London adatengera kukhoti ogulitsa mowa awiri, ati akunamiza anthu powagulitsa mowa wa m'nsanja n'kumautcha wisiki. Ogulitsawo adaluza mlanduwo, koma mkangano udakula mpaka boma la Britain lidakhazikitsa komiti yofufuza mu 1908. Mu 1909 komitiyo idagamula kuti wa m'nsanja nayenso ndi wisiki. Chigamulochi ndi chimene chidatsegula njira ya malonda amene tikuwaona lero, chifukwa wisiki wambiri wa ku Scotland amene amagulitsidwa padziko lapansi ndi wosakaniza, ndipo m'mabotolo ambiri osakaniza gawo loposa theka limakhala grain. Kunena mosapsatira, amene adalawapo Johnnie Walker, Grant's, Bell's kapena J&B adamwa kale grain, kungoti sadauzidwe. Ali ngati nsima paphwando: aliyense amayamikira ndiwo, koma imene yakhutitsa anthu satchula dzina. Botolo la single grain ndi mwayi womulawa payekha.

Nkhaniyi idandipeza pasukulu pathu chaka chatha, pamene ahedi athu ankapuma pantchito atagwira choko zaka zoposa 30. Tidasonkha ndalama aphunzitsi tonse, ndipo gawo lalikulu tidagulira matumba a feteleza, poti ankabwerera kumudzi kukalima. Zotsala tidagwirizana kuti tigule botolo limodzi labwino, chifukwa tonse tinkadziwa kuti Loweruka madzulo mkuluyu amakhala pakhonde ndi katambula kamodzi, wailesi ili pambali, osapitirira apo. Mkangano udabuka pa funso loti botolo liti. Mnzathu wina wophunzitsa Chingerezi adaumirira kuti munthu waulemu sapatsidwa china koma single malt, ati grain ndi wa anthu osauka. Nditamufunsa ngati adalawapo onse awiri, adati adawerenga pa foni. Titafunsa mitengo, tidapeza kuti ndalama zathu zikadangokwanira single malt wapansi penipeni, pomwe ndalama zomwezo zikadagula single grain amene adapambanapo mpikisano wa dziko lonse lapansi, n'kutsalako za thiransipoti.

Botolo limenelo ndi Bain's Cape Mountain Whisky, ndipo ndi limene ndimayamba kutchula wina akandifunsa. Amapangidwa ku South Africa, pa fakitale ya James Sedgwick m'tauni ya Wellington, kufupi ndi Cape Town, komwenso amapangira Three Ships. Adalowa pamsika mu 2009, ndipo katswiri amene adamukonza ndi Andy Watts, amene adabwera ku South Africa kuchokera ku England ngati wosewera kiriketi. Dzinali adalitenga kwa Andrew Geddes Bain, mmisiri wa misewu amene adaboola msewu wodutsa m'mapiri wa Bain's Kloof, umene udatsegulidwa mu 1853. Mbewu yake ndi chimanga cholimidwa ku South Africa komweko. Amakhala m'migolo ya bourbon zaka zitatu, kenako amamusamutsira m'migolo ina ya bourbon kuti akhalemonso chaka ndi theka kapena kuposerapo. Pa mpikisano wa World Whiskies Awards adasankhidwa kukhala grain wopambana padziko lonse mu 2013, ndipo adabwerezanso mu 2018, kugonjetsa a ku Scotland kumene luso limeneli lidakulira.

Ubwino wina wa Bain's kwa ife ndi wakuti sachokera kutali. Mlamu wa mmodzi wa ife, amene amachita geni ya zovala pakati pa Johannesburg ndi Lilongwe, ndiye adatibweretsera. Tsiku lotsanzikana, ahedi atamasula pepala, ndidawafotokozera kuti chakumwachi n'chachimanga. Adalitembenuza botololo, kuliyang'ana padzuwa, n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, chimanga chomwe ndikukalimachi?" Nditavomera adaseka nthawi yaitali, n'kunena kuti moyo wawo wonse ankaganiza kuti wisiki amachokera ku zipatso za ku Ulaya. Patapita miyezi inayi ndidakawaona kumudzi, ndipo botolo lija lidali lisanafike ndi pakati pomwe. Mlendo aliyense wofika pakhomopo ankauzidwa nkhani ya chimanga asanapatsidwe kadontho.

Wachiwiri amene mungamupeze m'masitolo akuluakulu ndi m'mabwalo a ndege ndi Haig Club. Simungamuphonye: botolo lake ndi labuluu, lamakona anayi, looneka ngati la mafuta onunkhira. Adatuluka mu 2014 ndipo amene ankamutsatsa adali katswiri wa mpira David Beckham. Amachokera pa fakitale ya Cameronbridge m'dera la Fife ku Scotland, imene John Haig adaikhazikitsa mu 1824, ndipo lero ili m'manja mwa kampani ya Diageo, eni ake a Johnnie Walker. Ndi wopepuka kwambiri, wa ukali wa 40 peresenti. Palinso mng'ono wake wotsika mtengo wotchedwa Haig Club Clubman, amene adamupangira dala osakaniza ndi zoziziritsa kukhosi. Ngati mukugulira wachinyamata wapantchito amene amakonda kusakaniza ndi kuika botolo pashelefu kuti alendo aone, uyu akondwera naye. Koma dziwani kuti gawo lina la mtengowo mukulipira galasi labuluulo ndi dzina. Kwa mkulu wofuna kumva kukoma m'kamwa, atha kumuona ngati wosalowerera.

Kwa munthu amene amaudziwa kale wisiki ndipo mukufuna kumudabwitsa, pali atatu amene mungatume m'bale wa ku Britain kapena ku Ireland. Woyamba ndi Teeling Single Grain wa kampani ya ku Dublin, wopangidwa makamaka ndi chimanga, koma wosungidwa m'migolo imene mudali vinyo wofiira wa ku California. Mgolowo umamupatsa kaonekedwe kofiirira ndi kafungo ka zipatso, ndipo ukali wake ndi 46 peresenti. Pabotolo mudzaona kuti alemba whiskey, ndi e pakati. Si kulakwitsa kwa osindikiza, ndi kalembedwe ka ku Ireland ndi ku America. Wachiwiri ndi Nikka Coffey Grain wa ku Japan, wotchezedwa pa fakitale ya Miyagikyo, nayenso wachimanga, wa 45 peresenti, wozuna ndi wolemera m'kamwa. Ambiri akaona dzinali amaganiza kuti muli khofi. Mulibe ndi dontho lomwe: akulemekeza Aeneas Coffey uja, chifukwa nsanja zimene amatchezera n'zamtundu wake wakale, zochokera ku Scotland. Mtengo wake ndi wokwera, choncho ndi mphatso yofunika kusonkherana.

Wachitatu ndi Loch Lomond Single Grain, amene amatsimikiza zimene ndanena poyamba zija, kuti dzina lisakupusitseni. Uyu amapangidwa ndi chimera cha barele chokhachokha, ngati single malt. Koma poti amatchezedwa m'nsanja osati m'miphika, lamulo la ku Scotland silimulola kutchedwa single malt. Ndiye amagulitsidwa pa dzina la grain, pamtengo wotsikirapo, pomwe kukoma kwake kuli pakati pa mitundu iwiriyi. Kwa mnzanu amene amalumbira kuti sangalawe grain, uyu ndi woyambira wabwino. Palinso njira ina kwa amene ali ndi thumba lolemera: makampani ang'onoang'ono a ku Scotland amagula migolo yakale m'mafakitale monga Girvan, Invergordon ndi North British, n'kuithira m'mabotolo itakhala zaka 25 kapena 30. Grain wa zaka zotere amatsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi single malt wa msinkhu womwewo. Ngati bambo anu akukwanitsa zaka 70 ndipo ana nonse mwasonkherana, botolo lokhala ndi chaka chimene mudabadwa chisamba chawo ndi mphatso yosaiwalika.

Tsopano za kawerengedwe ka botolo, chifukwa safunsa adadya phula. Choyamba, yang'anani dzina la gulu. Ngati palembedwa blended grain, ndi grain wa mafakitale angapo. Si woipa, koma si single grain. Chachiwiri, yang'anani ukali. Wisiki wa ku Scotland ndi ku Ireland saloledwa kutsika 40 peresenti, ndipo ena ogulitsidwa ku South Africa mudzawapeza ali pa 43. Mukaona botolo looneka ngati la wisiki koma ukali wake uli pansi pa 40, kapena palembedwa mawu ngati spirit drink kapena whisky flavoured, dziwani kuti ndi mowa wamba wothira fungo ndi mtundu. Chachitatu, zaka. Nambala yolembedwa pabotolo imanena za wisiki wamng'ono kwambiri amene ali m'menemo, ndipo ndi zaka za mumgolo zokha. Wisiki sakula m'botolo. Wa zaka 8 amene wakhala m'kabati zaka 20 akadali wa zaka 8. Mabotolo ambiri a single grain salemba zaka n'komwe, ndipo chimenecho si chizindikiro cha chinyengo.

Pa zaka zomwezi, musayerekeze wa ku Scotland ndi wa ku South Africa ngati ana a kalasi imodzi. Kumalo otentha matabwa amafufuma ndi kunyala kwambiri, wisiki amalowa ndi kutuluka m'matabwamo mofulumira, ndiye amakhwima msanga. Ku Scotland mgolo umataya pafupifupi magawo awiri pa 100 alionse chaka chilichonse chifukwa cha kuuluka kwa nthunzi, koma kotentha umataya ochulukirapo. Choncho wa zaka zisanu wa ku Wellington atha kupikisana ndi wa zaka zambiri wa kozizira. Chachinayi, musakhulupirire mtundu. Lamulo la ku Scotland limalola kuthiramo shuga wopsereza pang'ono kuti mabotolo onse azioneka mofanana, ndiye kuderapo sikutanthauza ukalamba. Chofunika kwambiri pa grain ndi mgolo. Botolo limene likukuuzani mosabisa kuti adasungidwa mumgolo wanji, wa bourbon, wa vinyo kapena wa sheri, likukulemekezani ngati wogula.

Chachisanu ndi nkhani ya moyo ndi imfa: mabotolo achinyengo. Botolo la wisiki wodula likatha silitayidwa, pali anthu amene amalitola, kuthiramo mowa wosadziwika, kulitseka bwinobwino n'kuligulitsa theka la mtengo. Nthawi zina m'menemo mumakhala methanol, amene amachititsa khungu ndi kupha. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Gulani m'sitolo yodziwika imene imapereka lisiti. Onetsetsani kuti chitsekerero sichidathyoledwepo, pepala lamatidwa mowongoka, zilembo sizidafufutike, ndipo chakumwacho n'choyera, chopanda zinyalala pansi. Wina akakupezani padepoti n'kukuuzani kuti ali ndi botolo lotsika mtengo chifukwa lidagwa m'galimoto, pitirirani. Ngati mukutuma wapaulendo, muuzeni dzina lenileni, mumutumizire chithunzi pa WhatsApp, ndipo asunge lisiti, limene lidzamuthandizenso pachipata akafunsidwa za msonkho.

Koma funso lalikulu kuposa onse si la botolo, ndi la munthu. Musanagule, dzifunseni ngati wolandirayo amamwa, ndipo amamwa motani. Pali akuluakulu amene mpingo kapena chipembedzo chawo sichilola, ndipo kuwapatsa botolo pamaso pa anthu n'kuwachititsa manyazi. Pali ena amene ali pa mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a TB kapena otalikitsa moyo, amene achipatala adawalangiza kuti asiye kapena achepetse. Mayi woyembekezera sapatsidwa. Ndipo pali m'bale uja tonse timamudziwa, amene akatsegula botolo saliika pansi mpaka litauma. Kumupatsa wisiki wa 43 peresenti si chikondi, ndipo kufewa kwa single grain kumene ndakuyamikira pamwambapa ndi msampha kwa munthu wotere, chifukwa sawotcha pakhosi kuti amuchenjeze. Ngati mukukayika, funsani akunyumba kwake. Mayi wa pakhomopo akangokhala chete pang'ono asanayankhe, mwayankhidwa kale. Gulani nsapato, wailesi kapena thumba la feteleza.

Muganizirenso nyengo. Chaka cha njala, pamene pakhomo akudya kamodzi patsiku, kufika ndi botolo la mtengo wa matumba angapo a chimanga n'kusaganiza, ngakhale botololo litakhala lachimanga. Mphatso yotere imayenera pamene zofunika zakwana, ndipo imakoma ikabwera pambuyo pa thumba la shuga ndi chitenje cha mayi, osati m'malo mwake. Kaperekedwe nakonso n'kofunika. Kwa apongozi, botolo silitulutsidwa pabwalo ana akuona. Limaperekedwa lokulungidwa, ndi manja awiri, ndipo m'madera ambiri ndi bwino lidzere mwa akazi anu kapena ankhoswe. Musayembekezere kuti alitsegula pomwepo kuti mulawe nawo. Mwapereka, si lanunso.

Kwa amene mukudzigulira nokha kuti mulawe koyamba, yambani ndi kadontho ka mamililita 25, kamene ndi pafupifupi masipuni awiri akuluakulu. Nunkhizani kaye kamwa lili lotsegula pang'ono, kenako lawani osathira kanthu. Mukatero thiranimo madzi ozizira oyera, sipuni yaing'ono imodzi, mulawenso: mudzamva fungo likutseguka. Single grain amagwirizana bwino ndi ayezi kapena soda nyengo yotentha ya Okutobala, ndipo palibe tchimo pamenepo. Koma ngati cholinga n'kuthiramo Coca-Cola wodzaza tambula, musavutike ndi botolo lodula, chifukwa shuga adzakwirira zonse zimene mwalipira. Sungani botolo choimika, chifukwa ukali wa wisiki umadya chitsekerero likagonekedwa, ndipo likhale pamthunzi, kutali ndi zenera ndi kutali ndi ana. Lotsekedwa bwino limakhala miyezi yambiri osasintha. Ndipo mukalawa, kiyi wa galimoto kapena wa njinga yamoto akhale m'thumba la wina.

Mukafunsa kuti ine ndingasankhe liti, yankho langa ndi ili. Kwa mkulu wa kumudzi kapena wopuma pantchito amene amamwa mwaulemu, Bain's. Kwa wachinyamata wosakaniza, Haig Club Clubman. Kwa wodziwa kale, Teeling kapena Loch Lomond, ndipo ngati mwasonkherana, Nikka. Lililonse limene mwasankha, phunzirani mawu awiri atatu oti munene popereka: lachokera kuti, mbewu yake ndi yanji, lidakhala mumgolo wotani. Wolandira amadziwa kusiyanitsa munthu amene adangotola chowala pashelefu ndi amene adakhala pansi n'kumuganizira.

Sabata ya mawa tidzakambirana za ndalama za chitukuko cha sukulu zimene makolo amapereka teremu iliyonse, ndi mafunso amene muli ndi ufulu wofunsa pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi.